Fizikisi ya mahotela a masewera a m'madzi: liwiro limachokera kuti, nanga limathera kuti?

M'mayiko ena muli mahotela omwe anthu amapitako chifukwa cha madzi. Mkati mwake mumakhala maiwe osambiramo, mafunde ochita kupanga ndi makina, komanso zotsetserekera zazitali zomwe munthu amakwera pamwamba n'kutsetsereka ndi madzi mpaka pansi. Pa Chingerezi malo otere amati waterpark, ndipo chotsetserekeracho amati water slide.

Lero ndikufuna kuti malo amenewa tiwaone ndi maso a injiniya. Kupatsa munthu liwiro si nkhani yovuta, chifukwa dziko limakoka chinthu chilichonse mwaulere. Chomwe chimatulutsa thukuta mainjiniya ndi kudziwa komwe energy ichokere, komwe ikathere, ndi amene ailipire. Masamu amenewa akalakwika, hotela imaluza ndalama, ndipo nthawi zina munthu amataya moyo. Masamu akewo ndi omwewa timachita mu Fomu 3 ndi Fomu 4, choncho tengani kope ndi cholembera tiyendere limodzi.

Bwanji hotela imange dziwe m'nyumba?

Ku America, m'chigawo cha Wisconsin, kuli katauni kotchedwa Wisconsin Dells. Nyengo yotentha kumadzaza alendo, koma nyengo yozizira madzi amauma n'kukhala ayezi, alendo n'kusowa, zipinda za mahotela n'kukhala zopanda anthu. Mu 1994 hotela yotchedwa Polynesian inatsegula malo a masewera a m'madzi okhala ndi denga, kuti mabanja azibwera ngakhale kunja kukuzizira. Nzeruyi inagwira ntchito ndipo ena anatengera. Hotela yomwe lero imadziwika kuti Great Wolf Lodge inayamba komweko mu 1997, ndipo Kalahari inatsegula mu 2000.

Ndiye cholinga cha mwini hotela ndi kudzaza zipinda chaka chonse. Akaitana wojambula mapulani ndi mainjiniya, amawapatsa mafunso anayi: alendo asangalala bwanji, atetezeka bwanji, magetsi adya ndalama zingati, nanga nyumbayo ikhala zaka zingati ili chilili? Mafunso onsewa yankho lake lili mu fizikisi.

Masitepe ndiwo gwero la liwiro

Chotsetserekera wamba chilibe injini yokankha munthu. Injini yake ndi miyendo ya mlendo yemweyo. Akamakwera masitepe a nsanja, amagwira ntchito yolimbana ndi kukoka kwa dziko, ndipo ntchitoyo imasungidwa ngati potential energy:

PE = mgh

Apa m ndi mass ya munthuyo m'makilogalamu, h ndi kutalika kwa nsanja m'mamita, ndipo g titenga 10 m/s² monga timachitira m'kalasi. Munthu wa makilogalamu 60 akakwera mamita 10 amasunga 60 × 10 × 10 = 6,000 J.

Akayamba kutsika, energy imeneyi imasanduka kinetic energy, yomwe ndi ½mv². Tikayerekeza kuti palibe yotayika m'njira, mgh = ½mv². Taonani kuti m ali mbali zonse ziwiri, ndiye amachoka. Timatsala ndi:

v = √(2gh)

Pa mamita 10, v = √200, pafupifupi 14 m/s, kapena makilomita 51 pa ola. Pa mamita 20, v = 20 m/s, omwe ndi makilomita 72 pa ola.

Pali zinthu ziwiri zoti muzigwire apa. Choyamba, kuwirikiza kutalika kawiri sikuwirikiza liwiro kawiri. Kuti liwiro liwirikize kawiri, nsanja iyenera kutalika kanayi. Chachiwiri, m'masamu oyerekezawa mwana ndi bambo ake amafika pansi ndi liwiro lofanana. Mfundo yachiwiriyi muisunge, chifukwa pompano tiona pomwe imasiya kugwira ntchito.

Madziwo ntchito yake n'chiyani?

Zotsetserekera zambiri amazipanga ndi fibreglass, zidutswazidutswa, n'kuzilumikiza ndi mabawuti. Mukayesa kutsetsereka pouma, khungu limagwira, mumatsika pang'onopang'ono ndipo mumapsa msana. Imeneyo ndi friction, yomwe imasandutsa kinetic energy kukhala kutentha. Madzi amalowa pakati pa thupi ndi fibreglass, n'kuchepetsa kukhudzana kwa ziwirizi. Ndi zomwezija zimachitika mukaponda pa simenti yosalala yomwe angokolopa kumene.

Koma madzi omwewo amathanso kubweza munthu. Munthu akamathamanga kuposa madzi, amawakankha patsogolo pake, ndipo madziwo amamukankhanso chammbuyo. Mpweya nawo umachita chimodzimodzi. Choncho injiniya akafuna liwiro amathira madzi ochepa ongokwanira kuterera, ndipo akafuna kuchepetsa liwiro amakonza malo pomwe madzi amakhala ambiri.

Apa ndi pomwe kulemera kumabwereranso m'nkhani. Kukankha kwa madzi ndi mpweya kumadalira kwambiri kukula kwa thupi, maonekedwe ake ndi liwiro lake. Mabwato awiri a labala ofanana kukula amakumana ndi kukankha kofanana, koma lolemera linanyamula energy yambiri kuchokera pamwamba, ndiye gawo lomwe limataya ndi laling'ono. Mapeto ake bwato lolemera limafika pansi mwaliwiro kuposa lopepuka. N'chifukwa chake pa zotsetserekera zina pamakhala sikelo, ndipo pamalembedwa kulemera kochepetsetsa ndi kochulukitsitsa kololedwa. N'chifukwa chakenso wogwira ntchito pamwamba salola munthu kutsika mnzake asanatuluke. Wolemera akhoza kupeza wopepuka m'kati mwa paipi, n'kuombana.

Makona ndi zitunda

Chinthu choyenda chimafuna kupitirira molunjika. Kuti chikhote, pamafunika force yochikankhira m'kati mwa kona. Acceleration yake ndi:

a = v²/r

pomwe r ndi radius ya konayo. Munthu woyenda pa 10 m/s pa kona ya radius ya mamita 5 amakhala ndi a = 100/5 = 20 m/s², kuwirikiza g kawiri. Thupi lake limakwera khoma la chotsetserekera mpaka khomalo litamukankha mokwanira. Ndiye pa makona khoma lakunja amalitalikitsa, kapena amatseka pamwamba ponse kuti ikhale paipi. Onaninso kuti v ali ndi square. Liwiro likawirikiza kawiri, force yofunika imawirikiza kanayi.

Tsopano tiganize za chitunda, pomwe chotsetserekera chimakwera kenako n'kutsikanso. Munakwerapo minibasi yomwe inadutsa pa hampu mothamanga, inu n'kumva ngati mwanyamuka pa mpando? Pamwamba pa chitunda, chomwe chimakokera bwato pansi kuti litsate njira ndi kulemera kwake basi. Kukoka kwa dziko sikungapereke acceleration yoposa g. Ngati v²/r yaposa g, bwatolo limasiya njira n'kuuluka. Malire ake ndi awa:

v = √(gr)

Chitunda cha radius ya mamita 20 chimalola liwiro losaposa √200, pafupifupi 14 m/s. Bwato likafika pamenepo pa 16 m/s, lanyamuka. Likafika mochedwa kwambiri, silimaliza kukwera, limabwerera chammbuyo. Injiniya ali ndi mpata wochepa pakati pa ngozi ziwirizi, ndipo mpatawo uyenera kukwanira mabwato onse, opepuka ndi olemera omwe.

Izi zinachitikapo. Mu Julayi 2014, pa malo a masewera a m'madzi a Schlitterbahn mumzinda wa Kansas City ku America, anatsegula chotsetserekera chotchedwa Verrückt, liwu la Chijeremani lotanthauza misala. Chinali chotalika mamita 51, ndipo panthawiyo chinali chachitali kuposa china chilichonse padziko lonse. Ikani 51 mu √(2gh) muone: pafupifupi 32 m/s, kapena makilomita 115 pa ola popanda friction. Pambuyo pa kutsika koyamba panali chitunda chachiwiri chachitali. Poyesa koyambirira, mabwato ena onyamula matumba a mchenga anauluka n'kuchoka m'njira, zomwe zinachititsa kuti kutsegula kuchedwe ndipo zina zisinthidwe. Pamwamba pa njirayo anaikapo ukonde wogwiriziridwa ndi zitsulo zopindika, ndipo okwera ankayezedwa kuti bwato lililonse linyamule pakati pa makilogalamu 180 ndi 250.

Pa 7 Ogasiti 2016 bwato lina linanyamuka pa chitunda chachiwiricho, ndipo mnyamata wa zaka 10 anaomba zitsulo za ukondewo n'kumwalira. Chotsetserekeracho sichinatsegulidwenso, ndipo ntchito yochigwetsa inayamba mu 2018. Chaka chomwecho omwe anachikonza anaimbidwa milandu, koma mu 2019 woweruza anaithetsa chifukwa cha mmene umboni unaperekedwera.

Za milandu tisiyire makhoti. Ife tione fizikisi yake. Ukonde suchotsa kinetic energy ya bwato lisanafike pamwamba pa chitunda. Umangokhala chinthu china choti munthu aombe. Njira yotetezera ndi kuchepetsa v kapena kukulitsa r, kuti v²/r ikhale pansi pa g kwa bwato lililonse lololedwa, n'kusiyanso mpata wina wa zosayembekezereka.

Kuimitsa munthu bwinobwino

Munthu wafika pansi pa 14 m/s. Energy yonse ija iyenera kuchoka m'thupi mwake popanda kumuvulaza. Tigwiritse ntchito v² = u² + 2as.

Akaima pa mtunda wa mamita 20, deceleration yake ndi 196/40, pafupifupi 5 m/s². Kwa munthu wa makilogalamu 60, force ndi 60 × 5 = 300 N. Thupi limapirira bwinobwino. Akaima pa mita imodzi yokha, deceleration ndi 98 m/s², ndipo force imayandikira 6,000 N, ngati kumusenzetsa matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50 nthawi imodzi.

Energy ndi yomweyo, chasintha ndi mtunda woimira. N'chifukwa chake kumapeto kwa chotsetserekera kumakhala ngalande yaitali yathyathyathya yokhala ndi madzi, kapena dziwe lotalika ndi lozama mokwanira. Mwini hotela akhoza kuona ngati ngalandeyo ikungodya malo omwe akanaikapo mipando ndi sitolo. Injiniya wodziwa ntchito yake salola kuti ifupikitsidwe.

Pampu ndi bilu ya magetsi

Mlendo amadzikweza yekha, koma madzi sakwera masitepe. Pampu iyenera kuwakweza tsiku lonse. Tiyerekeze kuti chotsetserekera cha mamita 15 chikufuna malita 60 pa sekondi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye:

Power = mgh/t = 60 × 10 × 15 = 9,000 W

Palibe pampu yomwe imasandutsa magetsi onse kukhala ntchito. Ngati efficiency yake ndi 70%, imakoka pafupifupi 13 kW. Pa maola 10 ndi mayunitsi 130 a magetsi, chotsetserekera chimodzi, tsiku limodzi. Kuwonjezera apo, madzi amataya energy pokhulana ndi mapaipi, makamaka mapaipi opapatiza, aatali ndi okhotakhota. Choncho pa pulani yabwino chipinda cha mapampu chimakhala pafupi ndi maiwe, ndipo nthawi zambiri chimakhala chotsika kuposa madzi a m'dziwe kuti madziwo azilowa okha m'pampu.

Madzi ndi olemeranso. Cubic metre imodzi ndi makilogalamu 1,000. Dziwe lozama mita imodzi ndi theka limapanikiza pansi pake ndi pressure ya ρgh = 1,000 × 10 × 1.5 = 15,000 Pa, kutanthauza tani imodzi ndi theka pa square metre iliyonse. Mwaonatu chifukwa chake maiwe akuluakulu amawamanga pansi, osati pamwamba pa zipinda zogona, ndiponso chifukwa chake dothi amaliyeza asanakumbe maziko.

Kutentha, nthunzi ndi denga

Mahotela a ku Wisconsin Dells aja amasunga kutentha kwa m'kati pa madigiri pafupifupi 29, ngakhale kunja kuli ayezi. Ku Germany, kumwera kwa Berlin, kuli malo otchedwa Tropical Islands omwe anatsegulidwa mu 2004 m'chinyumba chomwe poyamba anachimangira ndege zikuluzikulu zoyandama ndi mpweya. Chinyumbacho n'chotalika mamita 360, mulifupi mamita 210, ndipo denga lake lili mamita 107 kuchokera pansi. Taganizani ntchito yotenthetsa malo otere m'nyengo yozizira.

Tiyambe ndi madzi. Specific heat capacity yake ndi 4,200 J pa kilogalamu pa digiri iliyonse. Dziwe la malita 500,000 kulichotsa pa madigiri 18 kufika pa 29 kumafuna:

Q = mcΔT = 500,000 × 4,200 × 11 = 23,100,000,000 J

Amenewa ndi mayunitsi opitirira 6,400 a magetsi. Koma kutenthetsa koyambaku kumachitika kamodzi. Vuto la tsiku ndi tsiku ndi kuuma kwa madzi. Kilogalamu imodzi ya madzi a m'dziwe ikasanduka nthunzi imatenga pafupifupi 2,400,000 J, yomwe timaitcha latent heat. Gawani ndi 4,200 muone: lita imodzi yokha ikauma imatha kutsitsa malita pafupifupi 570 ndi digiri imodzi. Ndi zomwe zimachitika ndi mtsuko wadothi kwathu kuno. Madzi ochepa amatulukira m'timabowo ta dothi n'kuuma, otsala m'katiwo n'kuzizira. Kwa mtsuko ndi phindu, kwa hotela ndi ndalama zotayika. Ndipo mafunde, akasupe ndi zotsetserekera zimamwaza madzi m'mpweya, ndiye kuumako kumachuluka kuposa pa dziwe lodekha.

Nthunzi ija siithera pomwepo. Ikakhudza galasi kapena chitsulo chozizira cha denga, imabwerera kukhala madontho, ngati aja amaoneka kunja kwa botolo lochokera mufiriji. Choncho pamafunika makina ochotsa chinyezi m'mpweya, ndipo abwino amatenga kutentha komwe nthunziyo yatulutsa n'kukubwezera m'madzi. Mpweya wofunda wouma amauuzira pa magalasi kuti asachite thukuta.

Palinso nkhani ya chlorine. Amathira m'madzi kuti aphe tizilombo, koma akakumana ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira amapanga mankhwala ena otchedwa chloramines. Amenewa ndiwo amabweretsa fungo lamphamvu la pa dziwe ndi kuyabwa m'maso. Amakwera m'mpweya, n'kukakhala pa zitsulo pamodzi ndi chinyezi, n'kumazidya pang'onopang'ono. Mu 1985, m'tauni ya Uster ku Switzerland, siling'i ya konkire ya dziwe la m'nyumba inagwa n'kupha anthu 12. Zitsulo zomwe zinkaigwira zinali za stainless steel, zomwe anthu ankakhulupirira kuti sizichita dzimbiri, koma zinang'aluka chifukwa cha mpweya wokhala ndi chlorine. Kuchokera pa ngozi ngati imeneyi, mainjiniya anaphunzira kusankha mitundu yapadera ya chitsulo pa malo onyamula katundu m'nyumba za maiwe, ndi kumaziyendera kawirikawiri.

Mmene zonsezi zimakumanira pa pulani

Wojambula pulani sangasankhe chinthu chimodzi payekha. Akatalikitsa nsanja kuti alendo akopeke, denga limakwera, mpweya wotenthetsa umachuluka, pampu imakula, ngalande yoimira imatalika, ndipo makona amafuna radius yaikulu. N'chifukwa chake m'mahotela ambiri otere mumaona mapaipi a zotsetserekera atatulukira kunja kwa khoma n'kukalowanso pansi. Amapulumutsa malo a m'kati, koma paipi iliyonse yomwe ili kunja imataya kutentha, ndiye imafunika kukhala yotseka ndipo kumalo ozizira amaikuta.

Ndimakonda kuuza ophunzira anga kuti lamulo la conservation of energy lili ngati buku la ndalama la pa golosale. Chilichonse cholowa chiyenera kuoneka komwe chatulukira. Pa chotsetserekera, cholowa ndi mgh, ndipo chotuluka ndi friction, kukankha madzi, ndi kutentha. Ngati pali energy yomwe injiniya sanaipezere njira, idzadzipezera yokha, ndipo kawirikawiri imadutsira m'thupi la munthu.

Ntchito yoti muchite

Gwiritsani ntchito g = 10 m/s². Lembani njira yonse, osangolemba yankho lokha, ndipo musaiwale ma unit.

1. Mwana watsetsereka kuchokera pa mamita 5. Popanda friction, afika pansi ndi liwiro lanji? Nanga nsanja italike mamita angati kuti liwirolo liwirikize katatu?

2. Bwato likufika pamwamba pa chitunda pa 12 m/s. Radius yochepetsetsa ya chitundacho ikhale yotani kuti bwatolo lisauluke?

3. Pampu ikukweza malita 40 pa sekondi kufika pa mamita 12. Pezani power yothandiza. Ngati efficiency ndi 60%, ikukoka magetsi ochuluka bwanji?

4. Pakufunika energy yochuluka bwanji kuti malita 200,000 a madzi atenthe ndi madigiri 5?

5. Fotokozani m'mawu anu chifukwa chake bwato lolemera limathamanga kuposa lopepuka, chonsecho m sapezeka mu v = √(2gh).

Mayankho a mafunso anayi oyambawo ndi awa: 10 m/s ndi mamita 45, mamita 14.4, 4,800 W ndi 8,000 W, 4,200,000,000 J. Funso lachisanu mukambirane ndi anzanu, kenako mukawaonetse aphunzitsi anu a fizikisi. Mukalakwa loyamba lija, bwererani pa v = √(2gh) muone bwino pomwe pali square root, chifukwa ambiri amagwera pomwepo pa mayeso a MSCE.